Thovu m'Bafa la Mfumu Sindilakwa

Mu ufumu wonse wa Zilibwino, kuyambira kumalire a Kwaiwalika mpaka mumzinda waukulu wa Dikirani, munalibe munthu wodziwa madzi ngati Yotamu Kambalame. Izi sizinali zomva kwa ena ayi. Mwiniwake ndiye ankanena, ndipo ankanena tsiku ndi tsiku.

"Ine madzi sanandichititsepo manyazi," ankatero akusisita mimba. "Ndinayamba nawo pa njinga yakapalasa, zigubu zinayi, kumapazi kulibe nsapato. Lero ndayenda maiko asanu ndi anayi. Ndawaona madzi akuwira okha pansi pa nthaka. Ndawaona atauma gwa, anthu nkumayenda pamwamba pake. Ndasamalira maiwe osambiramo m'mahotela amene chitseko chimatseguka chokha chikangokuona. Madzi akandiona ine amakhala pansi nkumvetsera."

Ndiye Yotamu yemweyu amene anabweretsera Mfumu Sindilakwa Wachitatu bafa lotentha kuchokera kunja. Linali chimphika chozungulira, chokwana anthu asanu ndi awiri atakhala pansi, chotenthetsa chokha madzi ndi magetsi, m'mbali muli timabowo totulutsa mphepo yosisita msana. Analiika pakhonde lakuseri kwa nyumba yachifumu, pamwamba pa phiri. Tsiku lolitsegulira sukulu zinatsekedwa kuti ana akaimbe. Kumsika wa Tipirire, kumene mipopi inali itatha zaka khumi ndi chimodzi ikungotulutsa mluzu, anthu analitcha mkhate wa amfumu, nkumafunsana ngati munthu akakhalitsamo amafewa.

Mfumu inalikonda bafalo mwakuti inasamutsira momwemo misonkhano ya nduna. M'mawa uliwonse nduna zisanu ndi imodzi zinkatsetserekera m'madzimo, mafayilo zitawasiya pouma, nkumayendetsa dziko madzi ali m'khosi. Tsono ku Zilibwino kunali lamulo lakale lakuti aliyense woonekera pamaso pa Mfumu avale nsalu ya nkhope, chitenje chachikasu chimene anadindapo nkhope ya Mfumu ikumwetulira, ina kutsogolo ina kumbuyo. Lamulolo silinanene kuti m'madzi ayi. Choncho nduna zinkalowa zitamanga nsaluzo m'chiuno.

Sabata ziwiri zoyamba zonse zinali bwino, monga dzina la dzikolo. Sabata yachitatu kunabwera thovu.

Linayamba ngati kamzere koyera m'mbali. Lolemba linali pachifuwa. Lachiwiri linafika m'zibwano. Lachitatu, atangoyatsa mphepo, linatukuka ngati mkaka wosiyidwa pamoto, nkusefukira pakhonde mpaka m'maluwa. Nduna ya Zamalimidwe, munthu wamfupi, inasowa ndithu. Ankangomva mawu ake kuchokera mkati akuvomereza mfundo. Mfumu itatsegula pakamwa kuti ilengeze msonkho watsopano, inameza thovu lodzaza dzanja nkutsokomola mpaka misozi. Nduna zonse zinatsokomola nawo, kuopa kuoneka zathanzi kuposa Mwini Dziko.

Anaitanitsa Yotamu. Anafika atavala suti yake yamizeremizere, nsalu ya nkhope atakoleka paphewa, nagwada m'mphepete mwa bafa. Mitu yokha ndiyo inkaoneka, ngati maungu m'munda wa thonje.

Woyamba kulankhula anali a Zamveka, Nduna Yofalitsa Nkhani. "Mwini Dziko, ine sindikuona vuto. Ndalengeza kale pa wailesi kuti thovuli ndi umboni wakuti chuma cha dziko chikufufuma. Ofufuza athu apeza kuti lakwera ndi zala zinayi pa tsiku. Ndi dziko liti loyandikana nafe limene lili ndi kanthu kokwera chotere?"

"Bodza limenelo," anatero a Gwireni, Nduna ya Chitetezo, akupukuta thovu m'makutu. "Awa ndi adani. Munthu wina akuthira sopo m'madzi a Ambuye. Ndagwira kale ogulitsa sopo khumi ndi awiri kumsika, ndipo atatu avomera."

"Avomera chiyani?" inafunsa Mfumu.

"Kuti amagulitsa sopo, Mwini Dziko."

Mfumu inakankha thovu ndi dzanja kuti ipeze pomuonera Yotamu. "Kambalame. Loweruka kukubwera Mfumu Ndaonazambiri ya dziko la Kutsidya. Ikubwera kudzaona bafali, popeza kwawo kulibe. Ndikufuna idzakhale m'madzi ndi ine, idzandione nkhope, idzapsere mtima. Ikadzapeza phala ili, iwe ukagona ku Khalachete."

Khalachete inali nyumba yamiyala kuseri kwa phiri, imene anthu ankalowamo ndi mawu ambiri nkutulukamo, ngati atuluka, akungogwedeza mutu. Kwa munthu ngati Yotamu, chilango choposa pamenepo panalibe.

"Mwini Dziko," anatero akudziguguda pachifuwa, "thovu ngati ili ndinalithetsapo m'dziko lachisanu ndi chiwiri, ndili ndi malungo. Nkhani yaing'ono."

Nduna zitatuluka, anavula jekete nkuyamba ntchito. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala opha thovu kamene anabwera nako kuchokera kunja, nadontheza pang'ono. Thovu linagwa nthawi yomweyo, phwaa, ngati lachita manyazi. Alonda anaomba m'manja. Yotamu anawerama kuwathokoza. Koma iye mumtima ankadziwa kuti mankhwalawo amangogonetsa thovu, salichotsa. Anasolola sefa nkuitsuka mpaka kuyera. Anaviika timapepala toyezera madzi, nayang'ana mitundu yake, nathira ufa wowongolera madzi monga anaphunzirira. Zonse zinali m'malo mwake.

Lachinayi m'mawa nduna zinalowa, mphepo inayatsidwa, ndipo pasanathe nthawi yowerenga zokambirana za dzulo, Nduna ya Zamalimidwe inasowanso.

A Gwireni anamuyang'ana Yotamu mwachikondi. "Chipinda chanu tasesa kale, bwana. Muli ndi bulangete lanu, kapena tikupezereni?"

Msonkhano utatha, Yotamu anatsala yekha pakhondepo. Anatapa thovu m'manja nkulinunkhiza. Silinkanunkha ufiti, silinkanunkha chuma. Linkanunkha Loweruka m'mawa kwa amayi ake: zovala zoyanika pachingwe. Anatembenuka nkuona nsalu zisanu ndi imodzi zili pakhoma, zikudontha madzi oyera ngati mkaka. Anavala jekete natsika phiri.

Kumsika wa Tipirire sopo anali atasowa m'mabenchi chigwidwireni ogulitsa aja. Koma panali malonda atsopano otchedwa mwala woterera, odulidwa bwino m'timagawo, ndipo ankayenda kwambiri. Anthu atamuona Yotamu anayamba kumulonjera.

"Bwana wa mkhate! Zili bwanji kumtundako? Tamva chuma chafika m'makutu."

"Mutigawireko kathovu, bwana, tikadye ndi ana."

Iye anangokweza dzanja ngati munthu wolandira ulemu, napitirira mpaka kumjigo wa kuseri kwa msika. Mjigowo ndiwo unkamwetsa dera lonse, ndipo unkatulutsa madzi monyinyirika, ngati wokakamizidwa kupereka umboni. Ndowa zinali pamzere wautali kukafika kuchigayo. Pambali pake, pansi pa mtengo wa mango, panali Anagama, mlamu wa Yotamu, mchemwali wamkulu wa mkazi wake, amene anali ndi ntchito yochapa nsalu zonse za nkhope za kunyumba yachifumu.

"Eee, alamu anga a maiko asanu ndi anayi!" anafuula Anagama osaimirira. "Lero mwatsika pansi? Samalani nsapato, kuno kuli dothi, si kunja."

"Alamu, ndabwera pa ntchito ya boma."

"Ya boma kapena ya khosi lanu? Tamva zoti ku Khalachete akupakirani laimu."

Amayi a pamzere anaseka. Yotamu anakhala pa ndowa yovundikira, chinthu chimene anali asanachite chibwerereni kuchokera kunja, nayang'anitsitsa mmene mlamu wake ankachapira. Anagama anayala nsalu pa thabwa, nawaza sopo wa ufa wodzaza manja awiri pa nkhope ya Mfumu, nasisita pang'onopang'ono ndi chikhatho ngati akusambitsa khanda. Kenaka anaigwira m'makona, naiviika kamodzi m'beseni, naitulutsa ikuchucha thovu, nkuiyanika.

"Mwatha?" anafunsa Yotamu.

"Ndatha."

"Osatsukuluza?"

Anagama anayang'ana amayi anzake. "Mwamumva? Anthu oyenda amaiwala malamulo a kwawo. Alamu, Lamulo la Ulemu wa Nkhope. Nsalu iyi suimenya pamwala, kumeneko nkumenya Mfumu. Suifinya, kumeneko nkupotokola Mfumu khosi. Suiviika kawiri, kumeneko nkumiza Mfumu. Mnzathu Nasibeko anaiviika katatu chaka chatha, anakhala ku Khalachete miyezi inayi. Anabwerako akuopa ngakhale kuviika buledi mu tiyi."

"Nanga sopo yenseyu?"

"Amatumiza ndi mabwana anu omwewo. Nduna iliyonse imafuna kuti mano a Amfumu pa nsalu yake awale kuposa pa nsalu ya inzake. A Gwireni okha amatumiza mapaketi atatu pa sabata, pamene ogulitsa ali m'chitokosi."

Anagama anatenga nsalu youma pachingwe. Inali yolimba ngati chikumba. Anaiponya m'beseni la madzi oyera, navundula ndi dzanja kangapo. Thovu linakwera mpaka m'chigongono.

"Ndi limenelo thovu lanu," anatero. "Sitinapite kunja ife, koma tinalidziwa Lolemba. Tsopano kwerani phiri mukauze Mwini Dziko kuti nkhope yawo ndiyo ikuchita thovu."

Matenda Yotamu anali atawapeza, koma dzina lake linali losatchulika. Kunena kuti nsalu ya nkhope ikuipitsa madzi kunali kudzitsegulira yekha chitseko cha Khalachete Loweruka lisanafike. Kukhala chete kunali kudikira kuti amutsegulire ena. Anakhala akutembenuza nsalu yonyowayo m'manja, osaona chimene akuyang'ana. Kenaka anaona.

"Alamu, nkhope iyi mphuno yake ili kuti?"

"Yakumbuyoyo? Inatha. Zonse zimatha choncho. Yakutsogolo imakhala yatsopano, yakumbuyo imayamba mphuno, kenaka masaya. Ife amayi tikafuna kukhala pansi timakokera nkhope pambali, tili ndi mantha. Koma mabwana anu ndi mimba zawozo angakoke bwanji? Amangoti khu! Iyi ndi ya a Mawa, Nduna ya Madzi. Onani, angotsala makutu."

Yotamu anaimirira pang'onopang'ono. Mimba yake inabwerera kutsogolo, kumene inkakhala masiku onse.

"Ndibwerekeni nsalu zitatu zothaitha," anatero.

Lachisanu m'mawa anapempha kulankhula nduna zisanalowe m'madzi. Mfumu inali pampando wake pakhonde, nduna zitaima m'mbali ndi nsalu zawo m'chiuno, zonyezimira mafuta odzola kuyambira pamphumi mpaka kuzidendene, popeza ku Zilibwino nduna yotuwa inkaoneka ngati ikutsutsa boma.

"Mwini Dziko," anayamba Yotamu atagwada, "ndaima pamaso pa mafumu a maiko asanu ndi anayi. Ndaona akorona, ndaona andevu, ndaona ina yoyenda ndi kambuku pachingwe. Koma sindinaonepo mfumu yoleza mtima ngati inu. Madzi okha ndiwo alephera kupirira. Thovu mukulionali si matenda. Ndi mkwiyo. Madzi akuchita thovu kukamwa chifukwa cha zimene akuona pansi."

"Akuona chiyani?"

Yotamu anatambasula nsalu yoyamba. Nkhope ya Mfumu inali pomwepo ikumwetulira, koma pamalo pa mphuno panali poyera. Anatambasula yachiwiri, yopanda mphuno ndi tsaya limodzi. Yachitatu inali ndi makutu okha.

"Sabata zitatu, Mwini Dziko, m'mawa uliwonse, m'madzi anu omwe, anthu asanu ndi mmodzi akhala akukukhalirani pankhope."

Nduna zonse pamodzi zinagwira kumbuyo ndi manja awiri. A Zamveka anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chilowereni ntchito sanapeze cholengeza.

"Ya makutu okhayi nja yani?" inafunsa Mfumu ndi mawu otsika.

Maso onse anapita kwa a Mawa.

"Mwini Dziko," anatero a Mawa, "ine ndimakhala mopepuka kwambiri."

"Gwireni! Lamulo likuti chiyani pa munthu wokhalira Mfumu?"

A Gwireni anazindikira kuti nsalu yachiwiri ija inali yawo. "Lamulo silinafike kumeneko, Ambuye. Olemba sanaganize kuti munthu angalimbe mtima chotere."

Apa Yotamu analowererapo, chifukwa sankafuna mitembo, ankafuna madzi oyera. Anati nduna zinalakwa chifukwa cha chikondi, posafuna kusiyana ndi nkhope ya mbuye wawo ngakhale posamba. Anati kumaiko otsogola nkhope ya mfumu siilowa m'madzi amodzi ndi mapazi a anthu. Imapachikidwa pamwamba, pouma, kuti iziyang'anira. Olowa m'bafa avale kabudula wamba, wotsukuluzidwa ndi madzi okhaokha, wopanda sopo. Ndipo aliyense ayambe wasamba, achotse mafuta ndi thukuta, asanaponde m'bafamo.

Mfumu inakwinya nkhope. "Kusamba usanasambe? Kambalame, kunjako anakuwomba ndi chiyani m'mutu? Ndiye kuti inenso ndiyambe ndasamba?"

Nduna zinadzutsa mitu. A Gwireni anayamba kumwetulira. Yotamu anaona chitseko cha Khalachete chikutseguka pang'ono.

"Inu makamaka, Mwini Dziko," anatero mosaphethira. "Osati chifukwa muli ndi litsiro. Dziko lonse likudziwa kuti mulibe. Koma taganizani: mawa mlendo aone kachitsotso kakuyandama, kochokera kwa nduna, nkukanena kwawo kuti kanachoka pathupi la Sindilakwa. Mudzatsutsa bwanji? Koma mukalowa mutasamba kale, pamaso pa mboni, kalikonse koyandama mwini wake ndi wina."

Mfumu inaganiza, nkuyang'ana nduna zake imodzi imodzi. "Lembani," inatero.

Masana omwewo wailesi inalengeza Lamulo la Kusamba Usanasambe, limene Mfumu inalota yokha, ndipo a Zamveka anafotokoza kuti thovu lija linali chiwembu cha maiko ansanje chofuna kunamiza anthu kuti chuma chikufufuma.

Panatsala chinthu chimodzi. Madzi akalewo anali atakhuta sopo, ndipo mankhwala ake anali amodzi okha: kuwataya onse, kutsuka bafa, kuthira atsopano. Yotamu anatsegula potulutsira, madzi nkutsetsereka phiri ngati mtsinje wa mkaka. Anapukuta m'kati monse, natsukanso sefa. Kenaka anapita kwa a Mawa kukapempha galimoto ya thanki imene inkabweretsa madzi kunyumba yachifumu.

A Mawa anamulandira ndi ulemu waukulu, nampatsa mpando. "Galimoto ilipo, bwana Kambalame, yodzaza. Koma kuti ituluke pafunika chilolezo cha komiti."

"Komitiyo ili kuti?"

"Ili kumalo ogona alendo a ku Mpumulo, pa maphunziro a sabata ziwiri okambirana za kusowa kwa madzi. Mubwere mawa." Anamwetulira. "Kapena mkuja. Ine ndine munthu wa makutu okha, ndimangomva zimene komiti yanena."

Dzuwa linali litapendeka. Bafa linali gwa, louma ngati mipopi ya mumzinda, ndipo madzi ankafunika kulowa tsiku lomwelo kuti afunde pofika m'mawa. Yotamu anatsikanso phiri, ulendo uno akuthamanga, tayi ali paphewa.

"Alamu," anatero akupuma mwabefu pamjigo paja, "ndikufuna ndowa makumi asanu ndi atatu."

"Zopanda kanthu? Tengani, zilipo zambiri."

"Zodzaza."

Mzere wonse unatembenuka. Mayi wina wa mwana kumsana anati, "Ndabwera kuno tambala asanalire, ndowa yanga ndi iyo, yachisanu kuchokera kutsogolo. Ndiye ndiipereke kuti a Gwireni aviikemo mimba?"

"Ana athu asamba liti?" anatero wina. "Kapena nawonso alowe nawo mumkhatemo?"

Yotamu anayamba kufotokoza za dziko lachinayi, kumene anthu anagwirizana nkudzaza dziwe lonse tsiku limodzi, koma Anagama anamudula.

"Alamu, maikowo asiyeni kaye panja. Lankhulani ngati munthu wa njinga ya zigubu zinayi uja amene anabwera kudzafunsira mng'ono wanga atabwereka malaya."

Yotamu anavula chipewa. Anayang'ana pansi. "Amayi, ndikapanda madziwa mawa ndikagona ku Khalachete. Ndilibe kwina kopita. Ndithandizeni."

Mjigo unalira kwii, kwii. Kenaka Anagama anapukuta manja pachitenje.

"Mwamva, anzanga, akudziwa kulankhula Chichewa. Tiwabwereke. Koma mvetsani, alamu: tikubwereka, sitikupereka. Ndipo sitikufuna zikomo wa pa wailesi, sitikufuna nsalu. Madzi. Ndowa makumi asanu ndi atatu, zodzaza mpaka m'milomo, pamalo pano. Ndiwerenga ndekha."

Madzulo amenewo anthu a mu Dikirani anaona chinthu chachilendo: mzere wa amayi ukukwera phiri lachifumu ndi ndowa pamutu, patsogolo pali bwana wa suti yamizeremizere atasenza yakenso, madzi akumutayikira m'khosi. Ankadziwabe kusenza. Alonda a pachipata anafuna kuwabweza, koma Anagama anawauza kuti ndi gulu la amayi lodzayeserera kuvina kwa mawa, ndipo anawatsegulira ndi sawatcha. M'nyumba zambiri za ku Tipirire tsiku limenelo mbale zinagona zosatsuka.

Loweruka Mfumu Ndaonazambiri inafika ndi ng'oma ndi malipenga. Nduna za Zilibwino zinali zitasamba kale kuseri, pamzere, ndi madzi a m'beseni, ndipo zinatuluka zotuwa ngati ana a sukulu m'mwezi wa Juni, zitavala makabudula. Nsalu za nkhope zinali pamwamba pachingwe, zikumwetulira. Mafumu awiri analowa m'madzi, nduna zisanu nkutsatira. A Gwireni anaima panja kudikira malo.

"Yatsa," inatero Mfumu Sindilakwa.

Yotamu anaika chala pa batani. Anaona a Gwireni akuseweretsa makiyi a ku Khalachete. Anadina.

Madzi anabwata, nazungulira, natulutsa timathovu ting'onoting'ono timene tinkaphulika tikangofika pamwamba. Anadikira. Mphindi zisanu. Khumi. Nduna ya Zamalimidwe inali kuonekabe yonse. Madzi anali mbee, moti munthu akanawerenga timabowo ta pansi.

"Hii," inatero Mfumu Ndaonazambiri, nkhope itagwa ndi nsanje. "Zoterezi sindinazionepo."

Mfumu Sindilakwa inaseka mpaka madzi kugwedezeka. A Gwireni anabweza makiyi m'thumba.

Tsono madzi oyera ali ndi khalidwe limodzi: sasunga chinsinsi. Yotamu, ataima pamwamba m'mphepete, anayang'ana pansi nkuona kanthu kakunyezimira. Zala zonse khumi za kumapazi kwa a Mawa zinali ndi mphete zagolide, zonenepa, zina ziwiriziwiri. Kumeneko ndiko kunali mapaipi a mzinda wa Dikirani, kumalo kumene ofufuza za katangale sanaganizepo zovula munthu sokosi. Sabata zonsezi madzi otuwa ndi sopo ankawasungira. A Mawa anakweza maso, napeza maso a Yotamu ali pomwepo. Anapinda zala, nalowetsa phazi lina pansi pa linzake, koma golide sapindika.

"Kambalame," inaitana Mfumu, "wandisangalatsa. Pempha chimene ukufuna. Mendulo? Msewu wa dzina lako?"

"Mwini Dziko, mamendulo ndili nawo a maiko atatu. Ndingopempha galimoto ya thanki itsikire ku Tipirire lero, ikasiye ndowa makumi asanu ndi atatu. Kungoti a Nduna akuti komiti ili kutali." Ananena izi akuyang'ana m'madzi, chakumapazi.

"Komiti yakumana!" anafuula a Mawa. "Yakumana m'mawa uno, Mwini Dziko, mwadzidzidzi. Yavomereza ndi mtima wonse."

Galimoto imene inkafuna sabata ziwiri inatsika phiri pasanathe ola. Patsogolo pake panali gulu la malipenga, pambuyo a Zamveka ndi chimkuzamawu, Yotamu akutsatira wapansi. Anaimika pamjigo, namanga riboni pampopi wa thankiyo, ndipo a Zamveka analankhula kwa nthawi yaitali za Ntchito Yaikulu ya Madzi kwa Onse, imene Mfumu yakhala ikuikonza mwakachetechete kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anapempha amayi kuti alulutire. Amayi anali otanganidwa kuika ndowa pamzere.

Anagama anaima pampopi, manja m'chiuno, akuwerenga mokweza. Yodzaza inkachoka, ina nkulowa. Itafika ya makumi asanu ndi atatu, woyendetsa galimoto anayang'ana pepala lake natseka mpopi msanga, kuopa kupyola chilolezo.

"Amayi," anatero a Zamveka akumuloza ndi chimkuzamawu, "muuzeni Mwini Dziko mmene mukumvera polandira mphatso imeneyi."

"Tikumva ngati munthu amene wabwezeredwa mpando wake wa pamaliro," anatero Anagama. Kenaka anawerama nkuviika dzanja m'ndowa yotsirizayo. "Alamu! Bwerani kuno. Iyi yaperewera zala zitatu."

Yotamu anayang'ana woyendetsa galimoto, koma uyo anali atakwera kale. Anayang'ana a Zamveka, koma awo anali kukulunga riboni kuti akaigwiritsenso ntchito kwina. Anapisa m'thumba la jekete natulutsa botolo lake la madzi akumwa ochokera kunja, la chizindikiro cha phiri loyera, limene ankayenda nalo paliponse osalitsegula kuti anthu aziliona. Analitsegula, nakhuthulira m'ndowamo mpaka madzi anafika m'milomo.

"Amenewo ndi a dziko lachisanu ndi chinayi," anatero. "Musachapire matewera."

"Ndi amene ndichapire," anatero mayi wa mwana kumsana uja, nasenza ndowa yake.

Wailesi inati ku Tipirire kwagawidwa ndowa zikwi zisanu ndi zitatu. Anagama anawerenga makumi asanu ndi atatu, zodzaza, ndipo anamuuza mlamu wake kuti ngongole yatha, akhoza kuvalanso chipewa chake chija.